Madala okonza magumbagumba ku Malangalanga: khutu ali nalo, koma singano bwerani nayo

Ngati muli ndi gumbagumba imene inaleka kuyimba kalekale ndipo mukufuna kuti muzimvera jazz, kaisiyeni kwa madala ena okonza mawailesi amene ali m'kanjira kotuluka mumsewu wa Malangalanga, ku Old Town mu Lilongwe. Dzina sinditchula chifukwa sindinawapemphe, ndipo kashopu kawo kalibe ngakhale chikwangwani. Mukangofunsa anyamata okonza mafoni kuti wogwira zamakedzana ali pati, akulozerani. Ntchito amaidziwa madalawa, kungoti ali ndi tizolowezi tina tofunika kuwaletsa mwaulemu.

Yanga ndi Pioneer PL-12D ya m'ma 1970. Inabwera ndi malemu bambo aakulu kuchokera ku Joni, kumene anapita paselufu n'kukagwira ntchito m'hotela, ndipo inabwera ndi bokosi la zimbale. Kuzungulira inkazungulira ndithu, mawu ankatuluka, koma piyano inkalira mopepesuka ngati chidakwa chikubwerera kunyumba. Okonza ambiri m'tauni muno sangaone vuto pamenepo. Amaikapo nyimbo ya ng'oma zambiri, zikagunda amati zatheka bwana, lipirani. Jazz silola zimenezo. Woyimba saksofoni akhoza kupinda liwu mwadala, koma piyano ukaigunda liwu lake limayenda mowongoka mpaka kuzilala, choncho likamagwedera ndiye kuti wolakwa ndi makina. Madalawa za jazz sadziwa kwenikweni, anakulira pa mawailesi a Nzeru ndi ma Supersonic a ku Bulawayo, koma atangomva pang'ono anakweza dzanja n'kuti, "Zimitsani achimwene, lamba watha uyu."

Atazula chozungulira chimene chimbale chimakhalapo, lamba wochokera ku mota amene amachizungulitsa anali atasanduka phula lomata zala. Anatenga thonje ndi sipiriti n'kuyamba kupukuta kachitsulo ka pamota kamene lamba amadutsapo, pang'onopang'ono, mpaka kanawala. Kenako anakulunga ulusi momwe lamba amayenda kuti apeze utali wake, n'kutsegula chitini chakale cha polishi chodzaza malamba ozula m'mawailesi a makaseti. Anayesa angapo ndi zala, onse n'kuwabweza. Wina ngwopyapyala, wina ngwothina, ndipo wothina amakoka mota n'kuilemetsa. Apa m'pamene ndinawakhulupirira, chifukwa wina akanangoikapo uliwonse kuti ndichoke. Anati aitanitsa woyenera, ndidikire.

Liwiro amayeza ndi kapepala kozungulira kokhala ndi timizere 180 m'mphepete. Amakaika pa chozungulira n'kuyatsa kanyale kakale kamene amakasungira ntchito yomweyi. Magetsi athu ndi a 50 Hz, nyale yotere imaphethira ka 100 pa sekondi, ndiye chimbale chikamazungulira ka 33 ndi limodzi mwa magawo atatu pa mphindi, timizereto timaoneka ngati taima. Tikamakwawira kumbuyo ndiye kuti makina akuchedwa. Nkhani ya magetsiyi ndi imenenso imachedwetsa ntchito pashopupo. Mota ya makina ngati anga imatsatira kugunda kwa magetsi, ndipo jenereta ya oyandikana nawo imakwera n'kutsika, ndiye magetsi akazima madalawa amangopinda manja. "Pa jenereta ndingakunamizeni," amatero. Zoona zake, koma dziwani kuti akati bwerani mawa, mawalo si la pakalendala.

Pa chifukwa chomwechi amachenjeza anthu ogula magumbagumba a m'makontena ochokera ku America. Kumeneko magetsi ndi a 120 volts ndi 60 Hz. Thiransifoma imateteza kuti zisapse, koma siisintha kugunda kuja, ndiye makina a mota yotsatira magetsi amazungulira pafupifupi ka 28 m'malo mwa 33, ndipo woyimba aliyense amasanduka wa besi. Pamafunika kusintha kachitsulo ka pamota kaja. Pashelefu pali ziwiri zotere zimene eni ake anazithawa.

Lamba atafika ndinatenga zimbale zoyesera. Choyamba chinali Mannenberg cha Dollar Brand, amene pano timamudziwa kuti Abdullah Ibrahim, chojambulidwa ku Cape Town mu 1974, Basil Coetzee ali pa saksofoni. Piyano itangoyamba, nkhope ya madala inachita tsinya. Ananyamula mkono wa singano, n'kutenga galasi lokuzira zinthu, n'kuyang'anitsitsa nsonga. Anati pali kachitsulo kakulira penapake. Ndinawauza kuti akumva bwino, koma kachitsuloko kali m'nyimbo momwemo: piyano imene anagwiritsa ntchito tsikulo inali yobayidwa timisomali ta pabolodi m'tinyundo take, n'chifukwa chake imalira mokhala ngati lata. Anandiyang'ana mokayika, kenako anabwezera singano koyambirira n'kukhala pampando. Nyimboyo imapitirira mphindi 13, ndipo mayi wina amene anabwera ndi ayironi anadikira yonse ataima pakhomo.

Kwa okonda Miles Davis, musayesere liwiro pa chimbale chake cha Kind of Blue ngati chimbale chanu n'chakale. Pojambula mu 1959 makina a tepi ankachedwa pang'ono, zotsatira zake nyimbo za mbali yoyamba zinatuluka zothamanga ndi zokwera pang'ono, ndipo anadzakonza m'ma 1990. Mungawavutitse chabe amisiri.

Kung'ung'udza kumene kunkamveka pansi pa nyimbo anakuthetsa msanga. Kawaya ka ethi kanali kataduka mkati, anakawotcherera n'kukamanga pa kasikuluwu ka kumbuyo kwa ampu. Anandifunsanso ngati ampu yanga ili ndi polowetsa polembedwa PHONO, funso limene ambiri sakufunsani. Podinda chimbale amachepetsa besi dala kuti mizere isatakate kwambiri, ndipo polowetsa pamenepo ndi pamene pamabwezeretsa besiyo n'kukweza mawu. Masabuufa odzaza m'mashopu a ku Area 2 alibe zimenezi. Mukalumikiza mwachindunji mudzamva timawu tonyozeka, n'kumati amisiri akuberani.

Tsopano zondinyansa. Pa chimbale china singano inalumpha, ndipo ndisanayankhule madala anali atapisa kale m'thumba n'kutulutsa K10 yachitsulo kuti asanjike pamutu pa singano. Mwina ndiyo ntchito yokhayo imene yatsalira ndalama zachitsulo, koma osati pa zimbale zanga. Chizolowezichi n'cha nthawi ya maredyogalamu, amene mikono yake inkapondereza ndi magalamu ambirimbiri popanda wodandaula. Singano imene ndinaika ndi Audio-Technica AT-VM95E, ndipo opanga ake amati izipondereza ndi magalamu 2. Kuwonjezera ndalama pamwamba n'kupala mizere, ndipo mzere ukapalika palibe mmisiri angaubwezeretse. Chodabwitsa n'chakuti njira yoyenera amaidziwa bwinobwino. Nditakana, anazungulitsa cholemera cha kumbuyo mpaka mkono unalenjekeka pakati, anaika pa ziro, n'kupotoza kufika pa 2, n'kukonzanso kokokera mkono kunja. Kulumpha kunatha. Ndiye bwanji ndalama ija? "Ambiri amafuna zachangu," anatero, osachita n'komwe manyazi.

China ndi sipiriti. Botolo lomwe amapukutira zitsulo amafunanso kupukutira zimbale. Pa zapulasitiki zozungulira ka 33 ndi ka 45 pa mphindi anthu amatsutsana, ine sindilola, koma pa zakale zolimba zija za 78 palibe zokambirana, sipiriti imasungunula zimene anapangira. Madzi oyera, kadontho ka sopo wotsukira mbale, nsalu yofewa, kupukuta motsata mizere osanyowetsa pepala la pakati, basi. Fumbi la Lilongwe la mwezi wa September limalowa paliponse, ndipo zambiri zimene anthu amati chimbale chakalika zimakhala dothi chabe.

Singano zabwino sasunga. Zimene zili m'kabati mwawo ndi zotchipa za tizipangizo tapulasitiki, ndipo amanena okha kuti si za makina ngati anga. Yanga anandigulira mlamu wanga ku Johannesburg. Ngati muli ndi woyenda, mutumeni atenge ziwiri, chifukwa opanga amati nsonga ya mtundu umenewu imatha pakadutsa maola pafupifupi 300, ndipo yakutha imawononga zimbale mwakachetechete.

Pa ntchito yonse anatenga K30,000, lamba padera. Lisiti kulibe, koma analemba dzina langa pa kapepala n'kumata pansi pa makina. Ndikaona nthawi imene anathera pa mota yokha, kuitsuka ndi kuithira mafuta a makina osokera, sindinganene kuti anandidula. Malo ake ndi opanikiza, mawailesi osanjikizana mpaka kudenga, fumbi ndiye losayamba. Chivundikiro chapulasitiki chisiyeni kunyumba chingakalike. Popita zulani chozungulira ndi cholemera cha kumbuyo, mangani mkono, ndipo za kabaza iwalani. Zimbale musazisiye m'galimoto padzuwa la October pamene mukukambirana mtengo, zimapindika, ndipo chopindika madalawa amangochiyang'ana n'kupukusa mutu.

Zimbale zogulitsa ali nazo zochepa m'katoni pansi pa tebulo, zosiyidwa ndi anthu amene sanabwerenso. Zambiri ndi Jim Reeves, simanjemanje ndi rumba pa tizimbale ta 45, zikuto zina zodyedwa ndi chiswe. Jazz ndi yamwayi, koma fufuzani ndithu. Mukapeza cha kampani ya jazz ya Blue Note, pendeketsani pa kuwala muyang'ane pamalo osalala pafupi ndi pepala la pakati. Pakakhala zilembo RVG kapena VAN GELDER, ndiye kuti chinadutsa m'manja mwa Rudy Van Gelder, katswiri amene anajambula zimbale zambiri za kampaniyo, ndipo musanenerere mtengo kwambiri mungadzutse ogona.

M'bokosi la bambo aakulu munalinso za 78 za kwela, kuphatikizapo za Spokes Mashiyane, zimene Pioneer yanga singayimbe chifukwa ili ndi 33 ndi 45 basi, komanso zimafuna singano yonenepa. Madalawa ali ndi gumbagumba yakale ya Garrard pakona imene imayimba zimenezi, ndipo amalola kuti ubwere nazo udzamvere pomwepo ukawagulira kabotolo ka zoziziritsa kukhosi. Ndinafunsa mtengo wake, anati siyogulitsa. Mnyamata amene amawathandiza anandinong'oneza kuti ndisadzivute, wina anabwera kale ndi madola ndipo anabwerera nawo.