Foni, tabuleti kapena laputopu: ndalama zilowere kuti?

Ambiri a ife kuno ku Johannesburg timalowa m'sitolo tikufuna foni, n'kutuluka titasokonezeka, poti wogulitsa watiikira zinthu zitatu patsogolo.

Foni ndiye mwini wake wa zonse. Sikirini yake ndi ya mainchi 6 kapena kuposerapo pang'ono, imalowa m'thumba, ndipo ndi imene mumaimbira kumudzi pa WhatsApp kapena kutumizira ndalama pa Mukuru. Kumbukirani kuti simu khadi ya Vodacom kapena MTN imafunika kulembetsa m'dzina lanu potsatira lamulo la kuno lotchedwa RICA, choncho nyamulani pasipoti. Vuto lake ndi loti kulemba kalata yofunsira ntchito pakagalasi kameneka n'kuzunza maso.

Tabuleti, kunena zoona, ndimaikayikira. Ndi foni yonenepa basi, ya mainchi 10 kapena 11, yabwino kwa ana asukulu ndi kuonera mafilimu. Koma chenjerani, achimwene: zina zilibe malo a simu khadi, zimadalira Wi-Fi yokha. Mukatumiza yotere ku Mangochi kapena ku Mzimba pa basi ya ku Park Station, azidzangoiyang'ana.

Laputopu ndi nkhani ina. Ili ndi kiyibodi yeniyeni, ndipo zambiri zimayendera Windows n'kulola mapulogalamu monga Word ndi Excel, moti wowerengera ndalama za bizinesi kapena wophunzira ku yunivesite ya Unisa sangachitire mwina. Imalemera, batire yake imatha m'maola ochepa, ndipo m'takisi ya pa renki ya Bree imakopa maso a anthu osayenera. Ine ndikanati ndisankhe ziwiri, ndikanatenga foni ndi laputopu yogwiritsidwapo kale ntchito, bola batire ndaiyesa ndisanalipire.