Ndemanga pa Rescue System ya Hetzner

Seva ya VPS (kompyuta yobwereka ya pa intaneti) ikakana kuyaka chifukwa cha cholakwika mu fayilo ya /etc/fstab (yomwe imauza Linux madisiki oti ilumikize poyaka), Rescue System (njira yopulumutsira seva) ya Hetzner, kampani yobwereketsa maseva, imagwira ntchito yotamandika. Mukaitsegula pa tsamba la Hetzner loyendetsera maseva anu n'kuyatsanso seva, mumalowa kudzera pa SSH (njira yotetezeka yolowera m'kompyuta ili kutali) mu Linux ya Debian yomwe imayendera mu RAM (memore yosakhalitsa ya kompyuta), osakhudza disiki yanu. Lamulo la lsblk limaonetsa magawo a disiki, ndipo mukalumikiza gawo la /dev/sda1 ku foda ya /mnt, mafayilo anu amaoneka, okonzeka kukopedwa ndi pulogalamu ya rsync. Wongoyamba kumene angadzidzimuke ndi chenjezo la SSH loti kiyi yozindikiritsa seva yasintha, koma zimenezi n'zoyembekezereka. Ntchitoyi salipiritsa padera, ngakhale imafuna munthu wozolowera kulemba malamulo pamanja, pakuti mulibe mabatani okutsogolerani.