Kingston ValueRAM DDR3 ya 16 GB m'kompyuta ya mu 2012: zimene inasintha ndi zimene sinasinthe

Kompyuta yanga ya patebulo inapangidwa mu 2012, ndipo ili ndi purosesa ya Intel Core i5-3470, imene pa nthawi yake inkapezeka m'maofesi ambiri. Zaka zonsezi yakhala ikugwira ntchito ndi RAM (memori imene kompyuta imasungamo zimene ikugwiritsa ntchito pa nthawiyo) ya 4 GB yokha, kathabwa kamodzi kamene inabwera nako. Kulemba kalata kapena kuwerengera ndalama mu Excel sikunali kovuta, koma ndikatsegula masamba ambiri pa Chrome kwinaku msonkhano wa pa Zoom uli mkati, makina onse ankachita ngati agwidwa tulo: kanyali ka hadi disiki kankayaka osazima, ndipo kuchoka pa pulogalamu ina kupita pa inzake kunkafuna kuleza mtima. Miyezi inayi yapitayo ndinagula timatabwa tiwiri ta Kingston ValueRAM, kalikonse ka 8 GB, ta nambala ya KVR16N11/8, ndipo tsopano ndatigwiritsa ntchito mokwanira kuti ndinenepo maganizo anga.

Ndisanagule ndinayamba ndatsimikiza kuti matenda ake analidi kuchepa kwa RAM, chifukwa kompyuta imachedwa pa zifukwa zambiri. Mu Windows 10, kudina Ctrl, Shift ndi Esc pamodzi kumatsegula Task Manager, ndipo pa gawo la Performance pamaoneka kuchuluka kwa memori imene ikugwiritsidwa ntchito, liwiro lake, ndiponso mipata ya pa bolodi (thabwa lalikulu limene ziwalo za kompyuta zimalumikizidwapo) imene ili ndi timatabwa. Kwa ine memori inkakhala itatsala pang'ono kudzaza ndisanachite chilichonse cholemera, pamene purosesa inali chikhalire. RAM ikadzaza, Windows imasamutsira zina mwa zinthu zimene zili mmenemo ku fayilo ya pa disiki yotchedwa pagefile, ndipo imazibwezanso zikafunika. Apa ndi pamene pamagona vuto lonse, chifukwa RAM imayankha m'tizigawo ta sekondi tochepa kwambiri toyezedwa m'mananosekondi, pamene hadi disiki yozungulira iyenera kusuntha kamkono kake kufunafuna malo, ntchito yoyezedwa m'mamilisekondi. Kusiyana kwake n'kowirikiza maulendo masauzande ambirimbiri, ndipo munthu amakumva m'manja mwake.

Gawo lovuta pa ntchito imeneyi si kulowetsa timatabwato ayi, koma kusankha toyenera, ndipo pamenepa Kingston ndikuiyamikira chifukwa nambala ya katundu wake imanena zonse kwa amene waphunzira kuiwerenga. KVR ndi ValueRAM. 16 akuimira liwiro la DDR3-1600. N akutanthauza memori wamba yopanda ECC, njira yodzikonzera zolakwika za m'memori. 11 ndi CL11, kuchedwa kwa memori poyankha. Ndipo 8 wa kumapeto ndi magigabaiti. Pa timapepala tomatidwa pa timatabwa ta makampani osiyanasiyana liwiro lomweli limalembedwanso kuti PC3-12800, kutanthauza mamegabaiti 12,800 pa sekondi. Purosesa ya i5-3470 imalandira DDR3 ya 1333 kapena 1600, mpaka 32 GB, ngakhale kuti bolodi lililonse lili ndi malire akeake amene ayenera kufufuzidwa m'buku la kompyutayo kapena pa tsamba la amene anaipanga. Pulogalamu yaulere ya CPU-Z imasonyeza dzina la bolodi ndi zonse zolembedwa m'kathabwa kamene kali kale mkati, ndiye palibe chifukwa chongoganizira.

Izi ndikuzinena ngati munthu amene anapsa kale zala. Ulendo woyamba ndinagula timatabwa togwiritsidwapo kale ntchito kwa wogulitsa wina wa pa intaneti, nditakopeka ndi kutsika kwa mtengo. Tinali ta DDR3, ta 8 GB, ta PC3-12800, ndipo tinalowa bwinobwino m'mipata yake. Nditayatsa, kompyuta inangolira, sikirini ili bii. Nditayang'anitsitsa kapepala ndinapeza chilembo chimodzi chimene ndinachinyalanyaza: panalembedwa 12800R, osati 12800U wa memori wamba. R ameneyu ndi memori ya maseva, yotchedwa registered, imene ili ndi kachipangizo kowonjezera pakati pa tizipangizo tosunga zinthu ndi purosesa, ndipo makompyuta wamba a patebulo saidziwa n'komwe. Imachuluka pa misika ya zinthu zakale chifukwa makampani akamachotsa maseva awo amaitulutsa yambiri nthawi imodzi, n'chifukwa chake imatsika mtengo. Wogulitsayo sananame, cholakwa chinali changa, chifukwa ndinawerenga manambala n'kusiya chilembo.

Misampha ina ndi yosavuta kuipewa. DDR2 ndi DDR3 zonse zili ndi timano 240, koma kamng'alu ka m'munsi mwa kathabwa kali pa malo osiyana, kotero kuti kamodzi sikalowa mumpata wa kanzake pokhapokha munthu atakakamiza mpaka kuthyola. DDR4 ili ndi timano 288 ndipo sigwirizana ndi bolodi la DDR3 m'njira ina iliyonse. Memori ya laputopu ya DDR3 ndi yaifupi, ya timano 204. Nkhani ya mphamvu ya magetsi ndiyo imafuna chidwi pang'ono: DDR3 wamba, monga iyi ndinagulayi, imayendera 1.5V, pamene DDR3L imayendera 1.35V. Timatabwa tambiri ta DDR3L timagwiranso ntchito pa 1.5V, koma bolodi lofuna 1.35V siliyenera kupatsidwa memori ya 1.5V. Amene ali ndi makompyuta akale kuposa yangayi, a m'nthawi ya Core 2 Duo, asamale kwambiri, chifukwa ngakhale mabolodi ena a nthawi imeneyo amalandira DDR3, ambiri sazindikira kathabwa kamodzi ka 8 GB.

Timatabwa ta Kingston tinafika m'timapaketi tapulasitiki toonekera, popanda chokongoletsa chilichonse. Ndi tobiriwira, tili ndi tizipangizo takuda mbali zonse ziwiri, ndipo tilibe zitsulo zoziziritsira kapena nyali zamitundumitundu zimene zimaikidwa pa memori ya okonda masewera. Kwa ine kumeneku si kuperewera. DDR3 ya 1600 situlutsa kutentha kofuna zitsulo, ndipo m'bokosi lopanikizika la kompyuta ya mu ofesi kathabwa kopanda zowonjezera ndi kamene kamalowa osagundana ndi mawaya kapena fani.

Kulowetsa kunanditengera mphindi zosakwana makumi awiri, ndipo zambiri mwa izo zinathera pochotsa fumbi la zaka zambiri. Ndinazimitsa kompyuta, kuzula chingwe cha magetsi, kenako n'kudina batani loyatsira kwa masekondi angapo kuti magetsi otsalira mkati athe. Ndisanakhudze timatabwa ndinagwira chitsulo cha bokosi la kompyuta pofuna kuchotsa magetsi amene amaunjikana m'thupi, amene angawononge tizipangizo munthu osamva kanthu, ndipo timatabwato ndinkatigwira m'mbali, osati pa timano tagolide. Tingowe ta mbali ziwiri za mpata timatsegulidwira kunja, kamng'alu kamalunjikitsidwa pa kachotupa ka mumpata, ndiyeno kathabwa kamakanikizidwa molunjika mpaka tingowe titadzitseka tokha. Mphamvu imene imafunika ndi yochulukirapo kuposa imene munthu woyamba kumene amayembekezera. Kathabwa kanga kachiwiri ndinakachitira chifundo, mbali imodzi sinakhazikike, ndipo kompyuta itayaka inangoona 8 GB yokha. Nditakazula n'kukalowetsanso mwamphamvu, BIOS, pulogalamu ya pa bolodi imene imayamba kompyuta ikangoyatsidwa, inasonyeza 16384 MB pa liwiro la 1600, popanda kusintha kalikonse, chifukwa kathabwa kalikonse kali ndi kachipangizo ka SPD kamene kamauza bolodi liwiro ndi mphamvu ya magetsi imene kamafuna.

Bolodi langa lili ndi mipata inayi ya mitundu iwiri, ndipo timatabwa tatsopanoti ndinatiika m'mipata yofanana mtundu, monga momwe buku la kompyutayo likunenera, kuti purosesa izilankhula ndi tonse tiwiri nthawi imodzi kudzera m'njira ziwiri. Pa pepala zimenezi zimakweza malire kuchoka pa magigabaiti 12.8 kufika pa 25.6 pa sekondi. Pa ntchito za tsiku ndi tsiku phindu lake ndi locheperapo kuposa mmene manambalawa akumvekera, koma limaonekera pa zithunzi, chifukwa Intel HD Graphics 2500 ya m'purosesa imeneyi ilibe memori yakeyake ndipo imabwereka ku RAM yomweyi. Kathabwa kakale ka 4 GB ndinakachotsa ngakhale mipata inalipo, popeza kanali ka 1333, ndipo timatabwa tosiyana liwiro tikasakanizidwa tonse timatsikira pa liwiro la kochedwetsetsa. Wina akhoza kunena kuti 20 GB yochedwerapo pang'ono iposa 16 GB, ndipo sindingamutsutse kwambiri, koma ntchito zanga sizifika ngakhale pa 16.

Usiku womwewo ndinasiya pulogalamu ya MemTest86 ikuyesa memori yonse kuchokera pa fulashi, ndipo m'mawa ndinapeza itazungulira kanayi popanda cholakwika ngakhale chimodzi. Kuyesa kumeneku sindikulangiza aliyense kukudumpha. Memori yowonongeka kawirikawiri sikana kuyaka. Imayenda bwino kwa masiku, kenako n'kumagwetsa mapulogalamu mwa apo ndi apo kapena kuwononga mafayilo mwakachetechete, ndipo munthu amayamba kunamizira mavairasi. Windows ilinso ndi choyesera chake, Windows Memory Diagnostic, chimene chimathandiza ngakhale sichifufuza mozama chimodzimodzi.

Kusintha kwake kunali kwenikweni, koma pa malo amodzi. Masamba a pa intaneti amene ndinawasiya otsegula sadzitsegulanso mwatsopano ndikabwererako, msonkhano wa pa Zoom sudukaduka ndikatsegula chikalata chachikulu, ndipo pulogalamu imene ndinaitseka ola lapitalo imatsegukanso mwachangu chifukwa Windows imasunga mafayilo ake m'memori imene yangokhala. Phokoso la disiki, limene ndinalizolowera mpaka kuleka kulimva, linachepa kwambiri moti masiku oyambirira ndinkayang'ana ngati kompyuta ikadali yoyaka. M'miyezi inayi sinazimepo yokha kapena kuonetsa sikirini yabuluu imene Windows imaonetsa ikagwa.

Zimene sizinasinthe ziyeneranso kunenedwa, chifukwa ambiri amagula RAM akuyembekezera kompyuta yatsopano. Nthawi yoyaka m'mawa inakhala chimodzimodzi, popeza pamenepo makina amadikira hadi disiki, ndipo mankhwala ake ndi SSD (chosungira mafayilo cholowa m'malo mwa hadi disiki), imene pa cholumikizira cha SATA III imafika cha m'ma megabaiti 550 pa sekondi ndipo ilibe kamkono kofunafuna malo. Kusintha kanema kuchoka mu mtundu wina kupita mu wina kumatengabe nthawi yomweyo, chifukwa imeneyo ndi ntchito ya purosesa. Ndikanakhala ndi ndalama zokwanira chinthu chimodzi chokha, ndipo kompyuta ili kale ndi 8 GB, ndikanayamba ndi SSD. Pa 4 GB, zonse ziwiri n'zofunika, ndipo SSD yokha ikanangobisa vutolo osalichotsa. Palinso chinthu chofunika kuchiona musanagule: Windows ya 32-bit siona memori yoposa 4 GB, ndipo yogwiritsika imakhala yochepera pamenepo, ndiye amene ali nayo ayenera kuikanso Windows ya 64-bit, apo ayi timatabwa tatsopano tidzangokhala ngati zokongoletsa.

Nkhani ina yaikulu ili kunja kwa memori. Microsoft inasiya kuthandiza Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, kupatulapo amene analowa m'ndondomeko yake yowonjezera nthawi ya zigamba za chitetezo, ndipo Windows 11 imafuna TPM 2.0 (kachipangizo ka chitetezo) komanso, kumbali ya Intel Core, purosesa ya m'badwo wachisanu ndi chitatu kupita m'tsogolo. Yanga ndi ya m'badwo wachitatu, ndipo RAM ingachuluke bwanji sizisintha zimenezi. Timatabwa ta DDR3 sitingasamukirenso ku kompyuta yatsopano, chifukwa kumeneko kuli DDR4 kapena DDR5. Choncho ndalama zimenezi zikuthera m'makina ano basi. Ine ndinazivomereza chifukwa ndikukonza zoikamo Linux Mint m'malo mwa Windows, popeza imayenda bwino pa purosesa yotereyi, ndipo ndikuyembekeza kuigwiritsabe ntchito zaka zingapo.

Amene ntchito yake ndi kulemba, kuwerenga makalata ndi kutsegula masamba ochepa sakufunika 16 GB. Timatabwa tiwiri ta 4 GB timukwanira, ndipo nanenso masiku ambiri Task Manager imasonyeza theka la memori yanga lili lopanda ntchito. Kingston imapereka chitsimikizo cha moyo wonse wa katunduyu pa ValueRAM, chinthu chimene chili ndi phindu pokhapokha mwagula kwa wogulitsa wodalirika ndipo mwasunga lisiti. Popeza DDR3 inayamba kugulitsidwa mu 2007 ndipo yatsopano ikunka nisowa, ambiri adzagula yogwiritsidwapo kale ntchito. Zimenezi sizoopsa, chifukwa memori ilibe ziwalo zoyenda zimene zimaperepeseka, koma pemphani chithunzi chooneka bwino cha kapepala kake musanalipire, ndipo gwirizanani ndi wogulitsa kuti mudzabweza ngati MemTest86 ipeza cholakwika. Kathabwa kanga kakale ka 4 GB ndinakasunga m'paketi ya katsopano, kuti tsiku lina kompyuta ikadzakana kuyaka ndidzakhale ndi kodziwika bwino koyesera.