Timadontho ta kaboni, ta golide kapena labotale: kuyeza zitsulo m'madzi

Anzanga akhala akundifunsa kuti mwa zoyezera zitsulo m'madzi zimene zimawala ndi nyali ya UV, chodalirika n'chiti. Ndiyankhe pano onse pamodzi.

Ma quantum dot a CdTe, omwe ndi timadontho tosaoneka ndi maso topangidwa ndi cadmium ndi tellurium, ndimawakana. Amawala bwino, koma muli cadmium, chimodzi mwa ziphe zomwe tikusaka m'madzimo.

Timadontho ta kaboni, timene tinatulukiridwa mu 2004, n'totchipa ndipo anthu ambiri amathamangira tomweti. Mukatithira m'madzi n'kuunika ndi nyali ya UV ya 365 nm, nthawi zambiri timawala buluu, ndipo chitsulo chikatigwira kuwalako kumazilala. Vuto lagona pomwepo. Mercury amatizimitsa, mkuwa umatizimitsa, ayironi nayenso chimodzimodzi, pomwe ayironi ndi wosasowa m'madzi a pansi panthaka. Paketi imene ndinagula inalembedwa kuti ndi yoyezera mercury. Nditayeza madzi a pachitsime, aja osiya dzimbiri m'chidebe, kabotolo kanangoti zii, ndipo banja lomwe limamwa madziwo linagwidwa ndi mantha. Ku labotale anapeza ayironi wambiri, mercury ayi. Wogulitsa sanachenjeze za zimenezi paliponse, ndipo mpaka lero zimandiwawa.

Sananenenso kuti maso okha sangakuuzeni mlingo. Pamafunika kamakina koyeza kuwala, mankhwala okhazika pH (mlingo wa asidi m'madzi), ndi madzi a mlingo wodziwika oyerekezera, zonsezo kugula padera. Madzi oderako chifukwa cha masamba owola amameza kuwala kwa UV, ndiye nawonso amanamiza.

Timagulu ta golide tokutidwa ndi puloteni timawala mofiira, ndipo pa mercury tili bwino kwambiri chifukwa amamatirira golide mwamphamvu. Mkuwa ungasokonezebe, komanso timafuna kusungidwa mufiriji.

Makina oyezera zitsulo a ICP-MS ku labotale ndi odula ndipo zotsatira zimachedwa, koma amatchula chitsulo chilichonse pachokha, ngakhale chili pansi pa malire a bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO, omwe ndi ma microgram 10 pa lita kwa mtovu ndi 6 kwa mercury. Kumeneko amathira asidi kuti tizidutswa ta mtovu tochoka m'mapaipi tisungunuke n'kuwerengedwa, pomwe zowalazi zimaona chosungunuka kale chokha.

Pofuna kungodziwa chitsime choyamba kuchikayikira pa mercury, ndimatenga ta golide. Madzi akumwa ana ndimatumiza ku labotale, ndipo ta kaboni sindiuza munthu kuti agule pokhapokha wopanga atasonyeza poyera zimene anapeza poyesa ndi ayironi.