Bolodi la Adelson, zipinda za Gilchrist kapena khadi la Mach: tiphunzitsire chiti?

Aphunzitsi anzanga a sayansi, pali mfundo ina ya maso imene ophunzira savomera mpaka ataiona okha. Kuti chinthu chioneke choyera kapena chakuda zimadaliranso malo amene ubongo ukuganiza kuti chinthucho chili: pafupi kapena patali, choyang'ana kuwala kapena chofulatira. Pepala loyera limabweza pafupifupi 90 peresenti ya kuwala, lakuda pafupifupi 3 peresenti. Komabe lakudalo likakhala padzuwa limatha kutumiza m'diso kuwala kochuluka kuposa loyera limene lili m'nyumba, ife n'kumalionabe lakuda. Pali zionetsero zitatu zophunzitsira mfundoyi, ndipo mphamvu zake n'zosiyana.

Chotchuka kwambiri ndi chithunzi cha Edward Adelson wa ku yunivesite ya MIT ku America, cha mu 1995. Ndi bolodi la drafuti, pakona pali silinda yobiriwira imene ikuponya mthunzi. Kabokosi A kamaoneka kakuda, B koyera, chonsecho utoto wake pachithunzipo ndi umodzimodzi. Chimapezeka msanga pa intaneti, ndipo mukaphimba zina zonse n'kusiya A ndi B, kalasi yonse imadzidzimuka. Vuto langa ndi lakuti chimasakaniza zifukwa. B wazunguliridwa ndi timabokosi takuda, A ndi toyera, ndipo zimenezo pazokha zimasintha maonekedwe. Katswiri wina wa kaonedwe ka zinthu, Hans Wallach, anasonyeza kale mu 1948 kuti diso limayerekeza malo ndi oyandikana nawo. Wophunzira wochenjera adzafunsa kuti kutalika, kuti chinthu chili pafupi kapena patali, kwalowa pati, ndipo chithunzicho sichingamuyankhe, poti palibe chimene mwasuntha.

Funso limeneli analiyankha ndi Alan Gilchrist mu 1977, m'magazini ya Science. Munthu ankasuzumira ndi diso limodzi pakabowo n'kuona chipinda cha mdima pang'ono, ndipo kudzera pakhomo ankaona chipinda china kumbuyo, chowala kwambiri. Pakhomopo panali kapepala. Gilchrist ankangosintha m'makona mwake, kuti nthawi ina kaoneke ngati kakuphimba mapepala akumbuyo, nthawi ina ngati iwo ndi amene akukaphimba. Kakaoneka kuti kali m'chipinda chamdimacho, anthu ankati n'koyera. Kakaoneka kuti kali m'chipinda chowala chija, ankati n'kodera kwambiri, pafupifupi kakuda. Kuwala kochokera pakapepalako sikunasinthe, zoyandikana nako m'diso zinali pafupifupi zomwezo. Ubongo unkayerekeza kapepalako ndi zinthu zimene ukuona kuti zili nako pamtunda umodzi, pansi pa kuwala kumodzi. Apa maganizo akale a katswiri wa ku Germany Hermann von Helmholtz, akuti timawerengera kuwala kwa pamalo mosazindikira, anapeza mphamvu kuposa a katswiri mnzake Ewald Hering, amene ankatsamira pa zochitika m'diso momwemo.

Pa umboni, palibe choposa chimenechi. Koma kuchimanga ndi ntchito. Mufunika makatoni akuluakulu, nyali yamphamvu yobisika bwino, chipinda chotsekeka, ndipo ana ayenera kusuzumira mmodzimmodzi. Kuwala kukangodontha pang'ono kulowa m'chipinda chakutsogolo, zonse zaonongeka. Ndingachisiyire kalabu ya sayansi, osati piriyodi imodzi ya kalasi yodzaza.

Chimene ndingasankhe ine ndi chakale pa zonsezi, khadi la Ernst Mach, katswiri wa fizikisi wa ku Austria wa m'zaka za m'ma 1800. Tengani pepala loyera lolimbirapo, mulipinde pakati, muliike patebulo ngati denga la nyumba, kuwala kuzichokera mbali imodzi. Ndi maso awiri mumaona pepala loyera limene mbali ina ili mumthunzi. Tsinzinani diso limodzi, muyang'anitsitse pamsana pa pepalalo osagwedeza mutu. Pakapita kanthawi limatembenuka, msana uja n'kuoneka ngati walowa m'kati. Nthawi yomweyo mbali ya mthunzi ija imaoneka ngati yapakidwa utoto wotuwa, inayo n'kumanyezimira. Chifukwa chake n'chakuti pepala likatembenuka choncho, mbali imene tsopano ikuoneka kuti yayang'ana kuwala ndi yakudayo, ndiye ubongo sungaitchenso mthunzi.

Chimandisangalatsa n'chakuti mwana ndi amene amasintha kutalikako m'mutu mwake, pepala lili chikhalire patsogolo pake, ndiye sangaganize kuti kompyuta yamupusitsa. Mu 1999 Marina Bloj, Daniel Kersten ndi Anya Hurlbert anachita zofanana ndi khadi lopakidwa mtundu mbali imodzi, napeza kuti ngakhale mtundu umene timaona umasintha khadi likatembenuka.

Chovuta chake n'chimodzi: ana ena limachedwa kuwatembenukira. Athandizeni poyang'ana khadilo kuchokera chapamwamba pang'ono, patebulo lopanda zolembalemba, ndipo kuwala kuchokere pazenera limodzi kapena tochi imodzi.