Madzi amphamvu kapena burashi ya waya: kukonza denga la malata lisanapoperedwe thovu

Thovu lopopera padenga, la polyurethane, lotchinga kutentha ndi kudontha, limapangidwira pomwepo. Mankhwala awiri, isocyanate ndi polyol, amakumana pakamwa pa chopoperera n'kufufuma nthawi yomweyo, ndipo thovulo limamata chilichonse chimene lachipeza. Likapeza fumbi limamata fumbilo, osati lata. Ndiye musanaitane opopera, funso ndi lakuti denga mulitsuke ndi makina a madzi amphamvu kapena mulipale ndi burashi ya waya.

Makina a madzi amachita changu. Denga la IBR (malata a mizere yamakona) la nyumba yosungiramo katundu limayera msanga: fumbi, ndere, zitosi za nkhunda ndi penti yosupuka zonse zimachoka. Koma madziwo amalowa polumikizana malata ndi pansi pa mitu ya misomali, n'kubisala mmenemo pamwamba patauma kale. Apa ndi pamene ambiri amagwera. Isocyanate ikakumana ndi madzi imatulutsa mpweya wa carbon dioxide, thovu limatupa matuza ndipo silimata. Ngakhale mame a m'mawa okha akukwanira kuwononga ntchito, n'chifukwa chake amisiri amafuna kuti lata likhale lofunda ndi madigiri 3 a Celsius kuposa mlingo wa kutentha umene mame amayambira kugwa. Mukatsuka, lipatseni denga dzuwa lokwanira, ndipo yang'anani m'malumikizidwe, osangoti pamwamba.

Burashi ya waya, yapamanja kapena yomangirira pa grinder, siisiya chinyezi, komanso ndi yokhayo pa ziwirizi imene imalimbana ndi dzimbiri lomatirira. Imakukakamizaninso kuona lata lililonse pafupi, ndiye mumapeza msomali wogwedera ndi bowo lomwe madzi akanangodutsapo. Vuto lake ndi thukuta ndi nthawi. Siichotsa mafuta, ndipo imasiya fumbi lake lomwe muyenera kusesa kapena kuuzira.

Ine ndimaima ndi burashi paliponse pamene pali dzimbiri, kenako primer, penti yoyambira yoletsa dzimbiri, pamalo opalidwawo. Madzi ndimawasiyira denga lomwe langoda koma lata likadali lolimba. Pa madenga ambiri akale zimafunika zonse: kupala, kutsuka, kuumitsa, kenako primer.

Anzathu ogwira ntchito zomanga ku South Africa ndi ku Zimbabwe, chonde, denga la asbestos (mapepala ofolera a simenti yosakaniza ndi ulusi wa asbestos) musalikhudze ndi chilichonse mwa ziwirizi. Zonse zimamwaza tiulusi towononga mapapo.

Palinso denga lomwe madzi kapena burashi sizingalipulumutse. Lata likamabooka mukalidina ndi sikuludiraiva, kapena mapaso ake atafumbwa, lichotseni muike lina. Thovu lokhuthala mamilimita 25, komwe ndi kuchepetsetsa kumene akatswiri amalangiza padenga, limatseka ming'alu koma silinyamula denga. Ndipo gulanitu penti yoteteza ya silicone kapena acrylic ikhale pafupi tsiku lopopera, chifukwa thovu losaphimbidwa limayamba kupsa ndi dzuwa m'masiku ochepa.