Ulendo wa ku PIM, ndalama yanga sinapite pachabe

Loweruka lapitali ndinapita ku PIM (mishoni ya Providence Industrial Mission) ku Mbombwe, Chiradzulu, ndi anyamata ena apa Blantyre amene amatenga anthu pa minibasi kukaona malo akale. Ndiyambe ndi dandaulo: anati tinyamuka 7 koloko koma tinachoka ku Limbe cha m'ma 9, dalaivala akungoti tikudikira anthu awiri, ndiye madzi akumwa amene analonjeza aja anabwera ofunda ngati osamba. Izi akonze ndithu.

Koma titafika mtima unatsika. Mnyamata wotilongosolera uja mbiri amaidziwa, samangowerenga pa foni ayi. Anatiimika panja kaye n'kutiuza kuti John Chilembwe anayambitsa mishoniyi mu 1900 atabwerako ku America komwe anaphunzira zaubusa ku Lynchburg, Virginia, ndipo a National Baptist Convention ndi amene ankamuthandiza. Tchalitchi chake cha njerwa anachimaliza mu 1913, munthu wakuda kumanga chinthu chachikulu chotere nthawi ya atsamunda, taganizani. Sichinakhalitse, atangoukira azungu pa 23 Januwale 1915 boma linabwera n'kuchiphulitsa, iyenso anaphedwa pa 3 Febuluwale.

Chimene ine sindinkadziwa, ndipo chinandikhudza kwambiri, n'choti tchalitchi chilipo lerochi si cha Chilembwe. Anamanga ndi Dr Daniel Malekebu amene anadzatsegulanso mishoni mu 1926, malo atakhala zaka zoposa khumi ali zii, akhristu ena akupemphera mobisa. Dzina lake ndi New Jerusalem. Mkati mwake denga lili m'mwamba kwambiri moti mayi wina wa m'gulu lathu atangoyamba nyimbo pang'onopang'ono mau anadzaza ponseponse ngati kwaya yonse, tonse tinangokhala chete. Ine ndinagwira khoma, lozizira bwino ngakhale kunja dzuwa likuswa mtengo.

Mwana wanga wa Sitandade 6 ndinamutulutsira K2000 kuti aone nkhope ya Chilembwe, akuti ababa ndiye ndi omwewa eti, ankakhala pano? Kusukulu anangoloweza za Chilembwe Day ya pa 15 Januwale basi.

Ndikawapatsa mamakisi ndi 4 pa 5, imodziyo yapita ndi kuchedwa kuja. Mukamapita nyamulani madzi anuanu ndi kamba wa ana, ndipo muwauze asakuthamangitseni, ife anatipatsa ola limodzi lokha ndipo linachepa.